Nyama ya Mzime ndi Soketi Imodzi

"Alamu, ngati mwatopa nane m'nyumba muno ingonenani, ndilonge katundu wanga! Osati kundiphera filiji ndi kasimbi kanu kositira ako!"

Amenewo anali Adona, mpongozi wanga, ataima pakati pa khitchini. Dzanja lina linali m'chiuno, lina litanyamula thumba la pulasitiki likudontha madzi ofiirira. Fungo lake, abale inu, ngakhale ntchentche zinayamba zafunsana kaye zisanalowe.

"Ndapha filiji ine? Ili ndi khosi loti ndingaipotole?" anayankha Telala, mwana wanga wamkazi, tepi yoyezera ili lende m'khosi. "Ndinanena ine kuti nyama youma siikidwa m'pulasitiki. Munandimvera? Paja ena m'nyumba muno anabadwira m'filiji momwemo."

Ine ndinakoka kampando kanga n'kukhala pakhomo penipeni kuti mawu asandiphonye. Wailesi yanga inafa kalekale, koma sindinaidandaulepo. Pakhomo pano mapulogalamu satha.

Koma dikirani, ndiyambire poyambira.

Nyumbayi ndi ya mwana wanga woyamba, amene anzake amamutchula kuti Chiphaliwali chifukwa cha moto wowotcherera zitsulo umene umang'anima m'shedi mwake kuseri kwa nyumba. Mkazi wake amaluka ndi kuwongola tsitsi m'kachipinda ka kumaso. Ine ndinamupatsa dzina loti Adona tsiku limene anatsuka mbale atavala magolovesi. Telala anabwerera pakhomo ndi makina ake osokera ukwati utamuthina ngati diresi yoyeza molakwitsa. Ndiye pali Mzime, chitsirizira changa, amene anakwatiwa kutali koyenda tsiku lathunthu pa basi.

Mzime ameneyu ndiye anayatsa moto wonsewu, osadziwa. Anali ndi pakati poyamba. Tsiku lina anaimba foni akulira ngati kamwana.

"Amayi, chilichonse ndikadya chikubwerera. Ndikungolota nyama youma ya achimwene ija, yothira mchere ndi tsabola. Ndikubwera kumeneko mwezi ukamatha, ndidzachirire kwanu. Awuzeni achimwene andisungire, chonde."

Chiphaliwali atamva, chifuwa chinatukuka. Munthu ameneyu mungamunyoze pa geti yopendama, sangakwiye. Koma nyama yakeyo ndi ufumu wake. Anapangira yekha bokosi la chitsulo la mawindo a sefa, m'kati muli babu ndi kafani. Anakagula nyama ya ng'ombe ya pantchafu yopanda mafuta, n'kuilenga mizere yaitaliitali. Anaiviika mu viniga, n'kuipaka mchere ndi tsabola, kenako anaipachika pa tingowe timene anapinda yekha. Masiku onse amenewo ankalowa m'shedi mwakachetechete ngati muli wodwala.

Itauma anaibweretsa pa thireyi, yakuda bii kunja, m'kati mofiira pang'ono, momwe Mzime amaikondera. Ndipo tsiku lomwelo mvula inayamba. Si mvula yamasewera ayi, koma yamvumbi ija yoti ngakhale mchere m'botolo umalira misozi.

"Nyengo imeneyi nyama ichita chuku," anatero Adona. "Ilowe m'filiji."

Filiji yake ndi ya bokosi ija yotsegula chakumwamba, youmitsa zinthu gwa ngati mwala. Amaipukuta kawirikawiri kuposa mmene amapukutira nkhope ya mwamuna wake.

"Ayi," anatero Telala. "Nyama youma imafuna kupuma. Ndisoke kathumba ka nsalu, tiipachike pamwamba pa mbaula."

"Kuti makoswe atithokoze?"

"Makoswe a miyendo inayi sindiwaopa ine, alamu."

Chiphaliwali anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mlongo wake, n'kukumbukira amene amagona naye chipinda chimodzi. "Ilowe m'filiji," anagamula. Adona anaikokolola yonse n'kuiponya m'thumba limodzi lalikulu la pulasitiki, anangopotokola kukamwa kwake osamanga, n'kuiika pansi penipeni.

"Tsono tamverani nonse," anatero Chiphaliwali atakweza chala chopsa ndi moto. "Nyama iyi ndi ya Mzime ndi mwana ali m'mimbayo. Aliyense woikhudza adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. Amayi okha ndi amene sindikuwakayikira."

Onse anaseka. Ankaseka mano anga. Anatsala awiri okha, lina kumwamba chakumanzere, lina kumunsi chakumanja, ndipo sanakumanepo chichokereni anzawo. Ndinangoti sekani, ana anga, sekani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono m'khitchini mwathu soketi yogwira ntchito inali imodzi. Inayo inapsa Telala asanakwatiwe n'komwe. Chiphaliwali amakonza mageti a anthu mpaka kutsidya kwa msewu, koma soketi ya m'nyumba mwake nthawi zonse ndi "mawa, amayi". Ndipo tebulo lokhalo lotambalala bwino loti n'kusitirapo lili m'khitchini momwemo.

Ndiye Telala akamaliza kusoka chovala cha kasitomala ankatani? Ankasuzumira kaye kumaso ngati Adona ali otanganidwa ndi mutu wa munthu. Kenako zule pulagi ya filiji, lowetse ya simbi. "Kanthawi kochepa, amayi," ankandinong'oneza. Koma Telala akayamba kuimba nyimbo za kwaya uku akusita, kanthawi kochepa kamafika dzuwa kupendeka. Madzi oundana a m'mbali mwa filiji ankasungunuka n'kutsetserekera pansi, pomwe panali thumba losamanga lija. Akabwezera pulagi, madziwo ankaundananso pamodzi ndi nyama. Posakhalitsa mizere yokongola ija inasanduka chibuma chimodzi choti mutagenda nacho galu, mwalipira mlandu.

Ine ndinkaona. Ndinkakhala pakhonde la khitchini ndikusankha nyemba. Munthu wosankha nyemba anthu amamuyesa mpando.

Wachiwiri kulakwa anali mwini lamulo, Chiphaliwali. Tsiku lina masana ndinamuona akulowa chonyang'ama, akuyang'ana uku ndi uku. Anatsegula filiji, anatulutsa chibuma chija, anayesa kubenthula ndi zala, chinakana. Anayesa mpeni, mpeni unapindika. Anachibisa m'ovolosi n'kupita nacho kushedi. Kenako ndinamva kwee, kwee, kwee. Sowo yodulira zitsulo! Anakhala nacho kumeneko pafupi ndi moto wake mpaka atamaliza windo la munthu, ndiye n'kuchibweza chikutuluka thukuta.

"Ndimangoona ngati ikusungika bwino, amayi," anatero atandipeza ndikumuyang'ana, tsaya litatupa mbali imodzi.

"Ona, mwana wanga," ndinatero. "Maso ako ali m'kamwa masiku ano."

Anakaonanso mawa lake. Ndi mkuja.

Adona ndiye anandisangalatsa koposa. Iwo sakanagwira sowo, zikhadabo zingathyoke. Ankatenga chibumacho n'kupita nacho kuchipinda chawo cha tsitsi, n'kuchiwuzira mphepo yotentha ya dulaya mpaka m'mphepete mutafewa. Akatero ankasenda timapisi topyapyala n'kuika pa sosala ya maluwa, kupatsa makasitomala awo olemekezeka. Ndinkawamva kudzera pawindo.

"Talawani, asisi. Amapanga okha bambo a kunyumba kuno. Ya m'sitolo singafikeko."

Aliyense ankaganiza kuti wakuba ndi iye yekha, ndipo kachidutswa kamodzi sikangaoneke. Mbewa zikachuluka siziika masa.

Chimene chinamaliza zonse ndi madiresi a ukwati. Telala analandira ntchito yosoka zovala za operekeza mkwati, nsalu yoterera yovuta kusita. Anazula pulagi Lachisanu, anasita mpaka manja kuwawa, analonga madiresi n'kuthamanga nawo kwa eni ake. Kumeneko anamugwira kuti athandize kuveka atsikana. Pulagi ya filiji inatsala pansi ngati mchira wa khoswe wakufa. Adona anali kalikiliki ndi mitu ya anthu a ukwati womwewo, Chiphaliwali anapita kukamanga geti kutali. Kunja kunkatentha chinyontho chokhachokha. Ine ndinaiona pulagiyo, koma za magetsi anandiletsa okha kalekale. Amati ndine wokalamba, ndingagwidwe nawo.

Ndi mmene tinafikira m'mawa uja wa thumba lodontha.

Phokoso litakula, Chiphaliwali anatulukira kuchokera kushedi, magalasi akuda ali pamphumi. Adona anakhuthulira thumba lija m'beseni pamaso pake. Nyama ija inali yoterera, ina itamera ubweya wobiriwira, ina woyera ngati ndevu za malemu bambo ake. Ndipo inali yochepa. Ngakhale wakhungu akanaona kuti yatsala theka.

"Mlongo wanu uyu," anatero Adona. "Wazimitsa filiji, komanso taonani mmene waidyera. Nyama ya munthu woyembekezera!"

"Ine kudya? Kuzula pulagi ndavomera, koma pakamwa panga sipanakhudze nyama imeneyi!"

Chiphaliwali anafiira maso. "Iwe, ndinakulandira pakhomo pano ndi manja awiri. Mzime akubwera sabata ya mawa. Ndikamuuza chiyani? Kuti mkulu wake anadya chakudya cha mwana wosabadwa?"

Telala misozi inalengeza m'maso. Anavula tepi m'khosi n'kuipinda pang'onopang'ono. "Chabwino, achimwene. Ndikafuna kachipinda kwina. Makina anga sadya malo ambiri."

Apo ndiye ndinaona kuti pulogalamu yafika poipa. Mkangano ndimaukonda, koma wa anthu okhala pamodzi. Wina akasamuka, ine ndizimvera chiyani?

"Tabweretsani beseni limenelo kuno," ndinatero. "Maso angawa ndi okalamba, ndionere pafupi."

Anandibweretsera. Ndinatembenuza chibuma chija ndi kamtengo.

"Inu Adona, mlamu wanuyu ali ndi mano abwino, eti? Taonani mmene analumira apa. Mowongoka ngati thabwa. Mpaka mano ake anasiya penti ya buluu." Ndinatembenukira kwa mwana wanga. "Chiphaliwali, sowo yako ija ndi ya mtundu wanji, paja?"

Chiphaliwali anatsitsira magalasi akuda aja m'maso.

"Bambo!" anakuwa Adona. "Inu? Ndi sowo ya zitsulo? Yodulira mapaipi a kuchimbudzi ija?"

"Ndinaipukuta," anatero mwana wanga ndi mawu aang'ono.

"Mwamuna wamkulu, ndevu pepeya, kuba nyama ya mlongo wanu! Ndiye n'kumaima apa ngati woweruza! Ine manyazi andigwira m'malo mwanu."

Ndinawasiya Adona akwere bwinobwino mpaka pansonga ya mtengo. Kenako ndinanunkhiza kamtengo kanga.

"Koma mbali iyi ikununkhira mosiyana. Ngati mafuta a tsitsi. Ndipo taonani, ng'ombe imeneyi inali ndi tsitsi lalitali, lopota, lofiirira kunsonga." Ndinakoka katsitsi ka wigi kamene kanamatirira pa nyama n'kukakweza m'mwamba. "Talawani, asisi," ndinatero ndi mawu a m'mphuno. "Ya m'sitolo singafikeko."

Madzi okha ndi amene ankamveka kudontha kuchokera m'thumba, tho, tho.

Telala ndiye anaphulika. Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ya kulira ija n'kusanduka ya chimwemwe. "Dulaya! Alamu, nyama ya Mzime munaiwongola tsitsi? Munaipakanso mankhwala ofewetsa?"

"Musandiseke inu! Mukanapanda kuzula pulagi, bwenzi ikusendeka ndi mpeni ngati nyama ya anthu!"

"Mukanamanga thumba, bwenzi madzi asanalowe!"

"Akanakonza soketi bambo awa, bwenzi zonsezi kulibe!"

Apo onse awiri anatembenukira kwa Chiphaliwali, kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni Adona akugwirizana chinthu chimodzi. Mwana wanga anabwerera cham'mbuyo mpaka anagunda chitseko.

"Amayi, tandilankhulireniko."

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," ndinatero. "Mzime akubwera."

Nyama yoola ija anakaikwirira kuseri, mozama kuti agalu asafukule. Tsiku lomwelo Chiphaliwali anapitanso kwa ogulitsa nyama. Ulendo uno anailenga yopyapyala kuti iume msanga, ndipo kafani kanazungulira osapuma chifukwa mvumbi unali usanathe. Podikira kuti iume anakonza soketi ija. Ntchito imene inadikira zaka zonsezi inatha ndisanamalize kumwa tiyi. Kenako anawotcherera kachitsulo pa chivundikiro cha filiji n'kukolekapo loko. Adona anadandaula kuti wawononga penti. Ndinawauza kuti wokwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima.

Itauma, anaikonza ngati anthu anzeru tsopano. Telala anadula mapepala oyera ndi sizasi yake, mofanana ngati akudula makolala. Adona ankakulunga timizere tochepa, tokwana kudya kamodzi, m'pepala, n'kulowetsa m'kathumba kakekake, kufinya mpweya wonse, n'kumanga mfundo yolimba. Timatumba tonse analonga m'chibokosi cha pulasitiki chotseka bwino. Ukafuna, utulutse kamodzi, tina tisadziwe n'komwe kuti kunja kwacha. Anagwira ntchito yonseyo pa tebulo limodzi, zigongono zikugundana, osalankhulana. Mawu ankadzera kwa ine.

"Amayi, auzeni ena kuti mapepala akuchepa."

"Amayi, auzeni ena kuti akulunge mosawononga."

Kiyi anapereka kwa ine. "Poti inu nokha ndi amene mulibe zida," anatero Chiphaliwali. Ndinamumanga pa nsonga ya nsalu yanga.

Mzime anafika masana ena mvula itakata, mimba ili patsogolo iye ali pambuyo. Tinamulandira ndi chimwemwe, Telala akulira, Adona akumugwira mapazi otupa. Chiphaliwali anali atatulutsiratu kathumba kamodzi m'mawa n'kukasiya pa tebulo osamasula, kuti kazizira kathe nyama isachite thukuta. Anasamba, anavala malaya oyera. Anaika nyama ija pa sosala ya maluwa ija n'kuibweretsa ndi manja awiri.

"Mlongo wanga, nayi. Usafunse zimene tadutsamo."

Mzime anayang'ana sosala. Mphuno inakwinyika. Anagwira pakamwa, anadzuka mwa liwiro loti simungaganize munthu wa mimba yotero, n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. Tonse tinamva zimene zinachitika kumeneko.

Anabwerako akupukuta milomo. "Pepani achimwene, ichotseni. Fungo la nyama ndi limene likundidwalitsa masiku ano. Ngakhale kudutsa pafupi ndi bucha sindingathe."

"Fungo la... nanga si unalira pafoni iwe?"

"Zinali za mwezi watha zimenezo. Panopa ndikungofuna ayisi." Maso ake anagwera pa filiji n'kuwala. "Alamu, m'mbali mwakemo mumakhala woundana uja? Ndibwerekeni supuni. Koma bwanji mwaikhoma ndi loko ngati sitolo?"

Chiphaliwali anakhala pansi pang'onopang'ono, sosala ili m'manja. "Osatiuza bwanji, mwana iwe?"

"Ndinanena! Ndinawaimbira amayi. Ndinati auzeni achimwene asavutike, nyama sindikuifunanso. Linali Lolemba lapitalo, m'mawa."

Lolemba lake ndi lija la beseni. Foni ndinaiyankhira kubafa, mkangano usanayambe.

Mitu itatu inatembenukira kwa ine nthawi imodzi.

"Amayi," anatero Chiphaliwali. "Munkadziwa? Ine kubwerera kwa ogulitsa nyama, kugona ndikumvetsera kafani, inu mukudziwa?"

"Alipo anandifunsa?" ndinatero. "Inu mumati ndine mpando. Komanso taona soketi yako mmene ikugwirira bwino ntchito."

Ndinamasula kiyi pa nsalu, ndinatsegulira Mzime, ndipo anapala ayisi wodzaza kapu. Anakhala pakhonde pambali panga akukukuta, khurrr, khurrr, nkhope ili mbee ngati akudya za paphwando. Sosala ija Telala anaitambasulira dzanja, Adona anaikoka, Chiphaliwali anailanda n'kupita nayo kushedi.

Timatumba tina tonse tikadali m'filiji, touma bwino, opanda ndi kachuku komwe. Mzime akuti mwina akadzachira adzaifunanso, ndiye palibe woikhudza.

Pakali pano Adona salankhula ndi Telala chifukwa cha mawu aja a kuwongola tsitsi, amene anafika mpaka kwa makasitomala. Telala salankhula ndi achimwene ake mpaka adzapepese za kachipinda. Chiphaliwali salankhula ndi Mzime, amangomudutsa akukukuta ayisi n'kupukusa mutu. Akhala ngati mano angawa, m'kamwa mmodzi koma osakumana. Ndipo atatu onsewo anapangana, kaya anapangana bwanji osalankhulana, kuti ine asandilankhule.

Koma nkhuku ili m'filiji, nsomba zili m'filiji, ndipo kiyi ali pa nsalu yanga. Ikakwana nthawi yophika amabwera mmodzimmodzi, kuima patsogolo panga n'kutambasula dzanja, kukamwa kuli tseke.

Ine ndimangopitiriza kusankha nyemba. Dzanja sindilimva. Ndimamva mawu.